Dongo la Kuchimuna

Tsiku limenelo ndinayamba ndi kutaya madzi a m'mabeseni. Mvula inali itagwa m'bandakucha, ndipo nyumba yanga ikagwa mvula imafuna mabeseni ngati chipatala: lina kumutu kwa mphasa, lina pakhomo, mphika pakona pomwe pamakhala ufa. Nditataya madziwo ndinayanika zofunda pampanda, ndinakatunga kumjigo, ndinachapa matewera, ndinasesa, mbuzi ndinakazimangirira kudambo. Kenako ndinakwera pamtondo kukakoka pepala la pulasitiki lomwe mphepo inali italipinda padenga, n'kulipsinja ndi njerwa. Phala ndinaphika, Sungeni analikana. Mankhwala a kuchipatala ndinamumwetsa, anawasanza. M'chifuwa mwake munkalira kamluzu, kolowa ndi kotuluka, moti ndinkakamva ndili panja.

Nyumbayo sinali yotero kale. Malemu amuna anga, a Waisoni, anali mkamwini kwathu kuno, ndipo anaifolera ndi malata ogula limodzi limodzi ndi thukuta la m'minda ya fodya. Atagwa palole n'kumwalira, tisanamete n'komwe maliro, akulu awo a Dafuleni anatulukira kuchokera kutsidya kwa dambo ndi makwerero ndi nyundo. A Dafuleni ndi mkulu wa mpingo, amayenda ndi jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anaivula jeketeyo, anaikoleka pampanda, anakwera. Ine ndinali pansi ndi mwana kumsana, ndikumva misomali ikulira umodzi umodzi.

"Mlamu," anatero ali pamwamba, "musadandaule. Makoma ndi anu, mwana ndi wanu. Koma malatawa ndi thukuta la mwana wa mayi anga. Inu ndinu mtsikana, mawa mukwatiwa. Ndiye mwamuna wina adzagone pamthunzi wa mng'ono wanga?"

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga ankagona ponyowa. Anamwino anati mankhwala atipatsa, koma mwana wa chifuwa chotere asamagone pozizira. A Waisoni ankabwera kutulo, n'zoona. Ankangokhala kumapeto kwa mphasa, ndipo m'mawa mbali yawoyo inkakhala yofunda. Kufunda kumeneko ndi kumene kunkandidzutsa kuti ndikagwire ntchito.

Tsikulo amayi a kumpingo anali atapita palole kukaona munda wa Anangondo, kuseri kwa tchalitchi cha kuphiri. Anangondo anali woumba mbiya. Ana awo atatha kumwalira anasiya mbiya n'kuyamba kuumba nkhani zonse zomwe timamva m'tchalitchi, tinthu tating'ono tosaposa chitsononkho cha chimanga. Anaumba mpaka nawonso anamwalira, ndipo anthu amapitabe kukaona. Ine sindinapite. Mwana wodwala sakwera lole. Dzuwa lili pamutu Sungeni anagona kumsana kwanga, ine ndinati ndingotsamira khoma pang'ono.

Ndinalota ndikudzuka kukatenga nkhuni. Nditatsegula chitseko cha khitchini munalibe mafuwa, munalibe nkhuni. Munali munda wotsetsereka, wautali mpaka pomwe maso amalekera, ndipo pachipata panakhala Anangondo akukanya dongo pamwala. Maliro awo ndinapita nawo, ndiwo zake ndinaphika nawo. Anali monga kale, ndi duku lawo lofiira lomwe lija, kungoti thupi lonse linali louma ndi lofiirira ngati mbiya yongotuluka pamoto.

"Takulandirani, make Sungeni."

"Zikomo, mayi."

"Mapatapata anu atsale pano. Mukandipondera Mfarisi simundiumbira wina."

Ndinavula, tinalowa. Pafupi ndi chipata panali munda woyamba uja, ndipo njoka yake inali tcheni cha njinga. Inatukula mutu, inaona kuti ndili ndi mwana kumsana, inagonanso. Chombo cha chigumula chinali chitini chakale cha palafini, m'kati mwake mukumveka nyama zikukanganirana malo. Nyamalikiti yadongo inatulutsa khosi pazenera n'kundifunsa ngati mvula yayamba kwathu. Ndinati yayamba. Inati, "Pepani," n'kubweza khosi lake. Angelo ankadutsa m'mawondo mwanga ndi mapiko a nthenga za nkhanga, otanganidwa ngati nkhuku zothamangira madeya.

Mtsinje wa Yorodano unali wa mabotolo osweka, obiriwira, ndipo unkayenda ndithu, ukulira ngwe ngwe ngwe potsika. Ndinali ndi ludzu. Ndinaviikamo dzanja, linatuluka louma.

"Madzi a kuno sanyowetsa," anatero Anangondo. "Muzikumbukire zimenezo."

Sindinadabwe ndi chilichonse. Ndinkangoona kuti ntchito inagwiridwa bwino ndipo panalibe chotayidwa. Zitsekero za mabotolo zinali mbale za paphwando laukwati, mikanda yoduka inali mphesa, chipeso chothyoka chinali mpanda wa khola la nkhosa. Gologota chinali chulu, mitanda yake masipoko a njinga. Ndinapindako bondo podutsa, monga tinaphunzitsidwira.

Ku Yerusalemu ankafolera kachisi ndi zitini za mkaka zophwanyidwa bwinobwino. Padenga panali munthu akukhoma, ndipo ndinamudziwa ndi kakhomedwe ndisanamuone nkhope: kawiri pang'onopang'ono, kachitatu mwamphamvu. Ndinagwada, ndinatambasula dzanja, a Waisoni anatsika n'kuima pachikhatho changa. Kulemera kwawo kunali kwa dzira. Anali ofiira, opsa bwino, opanda mng'alu. Nditawagogoda ndi chikhadabo analira nge, ngati mbiya yoti sungaiderere pamsika.

"Mwaswera bwanji, make Sungeni?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo a Sungeni?"

"Ndaswera. Kuno ntchito ndi yambiri."

"Ndaona. Mukufolera nyumba ya Mulungu, yanu ikudontha."

Anayang'ana pansi, pamizere ya chikhatho changa. "Ndinamva. Msomali uliwonse umene achimwene ankazula, ine ndinkaumva m'mano."

"Ndiye munachitapo chiyani?"

"Opsa sitichitapo kanthu. Timangomva."

Anangondo anatsokomola, kutsokomola kwa mphika wogundidwa ndi chikombe. "Tiyeni kumunsi. Simunabwere kudzacheza."

Kuseri kwa Gologota njira inayamba kuchepa. Poyamba tinkayenda awiri mogundana mapewa, kenako mmodzi kutsogolo wina pambuyo, kenako ndinkachita kuika phazi patsogolo pa linzake. Kumapeto kwake kunali chisakasa chachitali chaudzu, chopanda makoma, ndipo kutsogolo kwake anathirapo mzere wa phulusa. Pansi pa chisakasacho panali mudzi wathu wonse, ndi dambo, ndi mudzi wa kutsidya. Mjigo unali wa waya, ukukwera ndi kutsika. Mbuzi zanga zinali pomwe ndinazimangirira. Anthu ake anali otuwa, onyezimira chinyontho, ndipo ankayenda mosamala ngati anyamula madzi odzaza pamutu.

"Awa ndi aawisi," anatero Anangondo. "Amoyo onse ndi aawisi. Munthu amapsa tsiku la maliro ake. Ine ndinapsa, mzerewu sindidutsa. Amuna anu adutsa chifukwa ali m'dzanja lanu. Koma mumve malamulo a woumba. Dongo silimatika louma, ndipo madzi olinyowetsera achokere m'thupi mwanu. Lomwe mwanyema simulibweza, ndiponso simulitaya. Lonse ligwire ntchito."

"Ndamva, mayi."

"Ambiri amati amva."

Ndinadumpha phulusalo. Nyumba yanga sinavute kuipeza, inali yokhayo yofunda kapepala ka paketi ya shuga, kopsinjidwa ndi timiyala. Ndinaimika a Waisoni pamwamba pa khoma n'kusuzumira m'kati. Timabeseni tinalimo, kalikonse pamalo pake. Inenso ndinalimo, wadongo, nditatsamira khoma, ndili mtulo kukamwa kuli yasa. Koma kumsana kwa ine wadongoyo kunalibe mwana.

"Mwana ali kuti?"

"Ali kumsana kwanu," anatero Anangondo ali kuseri kwa phulusa.

Ndinamasula nsalu. Sungeni anatsetsereka n'kugwera m'dzanja langa, wamng'ono ngati chala chachikulu, wadongo, wozizira. Kuchokera pakhosi kutsika pachifuwa panali mng'alu, ndipo mpweya unkadutsa pamenepo. Kamluzu kaja kankachokera apo. Ndinauyang'anitsitsa mng'aluwo. Akapuma kamodzi unkatalika pang'ono, ngati tsitsi limodzi, kulowera kumchombo.

"Ukafika pansi, mwanayo apita kumoto," anatero Anangondo. "Ndidzamuika ku Betelehemu. Kuli ana ambiri kumeneko, sasowa wosewera naye."

"Sapita ku Betelehemu. Ndimumata."

Ndinapisa dzanja m'nyumba kuti ndinyeme dongo pantchafu ya ine wogona uja.

"Musadzipweteke pachabe," anatero Anangondo. "Mbiya yaiwisi ikang'aluka imamatidwa ndi dongo la pamtapo pomwe inakumbidwa. Dongo la kwina limauma palokha n'kugwa ngati nkhanambo. Mwanayu miyendo ndi yanu, mutu woumawo ndi wanu, koma chifuwa ndi cha kuchimuna."

"Tengani langa," anatero a Waisoni. Anagwira chala chawo n'kuyesa kuchithyola. Chinangolira nge.

"Wopsa sabwerera kudongo," anatero Anangondo.

Ndinaganiza. Apongozi anga onse awiri anamwalira. Alongo awo a a Waisoni anamwalira opanda mwana. Pamtapo wa kwawo panatsala munthu mmodzi wamuwisi. Palibe anatchula dzina lake. Ndinanyamula a Waisoni n'kuwaika paphewa, Sungeni ndinamufumbata, ndipo dambo lomwe limanditengera m'mawa wonse ndinalidumpha ndi phazi limodzi.

Nyumba ya alamu inkawala ili kutali. Malata anga ndinawadziwa msanga, chifukwa lata lozulidwa silibisika: pambali pa msomali watsopano pamakhala bowo la msomali wakale. Lija lopindika pomwe panagwera nthambi ya mango linalipo. Lija lodonthera penti yobiriwira linalipo. Nditawerama anayankhula onse pamodzi, ndi mawu a mvula yoyamba.

"Takulandirani, mayi. Kuno tatopa. Amapemphera mokweza, ife timangowabwezera mawuwo pansi."

A Dafuleni anali pakhonde, pampando, atavala jekete, buku la mapemphero la bokosi la machesi lili pamiyendo. Anali osalala, onenepa, opanda ngakhale kamng'alu kamodzi, chifukwa ankagona pouma. Ndinawatola ndi zala ziwiri. Anali ofewa ngati nthochi yakupsa.

"Mlamu, ulemu wake ndi umenewu? Mkazi sanyamula mkulu wa mpingo."

"Pepani, alamu. Ndabwera kudzapempha."

"Ngati ndi malata, nkhani ija inatha."

"Si malata. Ndikupempha dongo pang'ono, longa nyemba imodzi, ndimate chifuwa cha mwana wa mng'ono wanu." Ndinatsegula dzanja kuti amuone. Kamluzu kanamveka.

Anamuyang'ana, anakonza kolala ya jekete. "Mwana ndi wa kuchikazi, mlamu. Si mwambo wathu umenewo? Akadwala, n'zanu ndi amalume ake. Ife akuchimuna tilibe gawo pamenepo."

"Koma pamalata muli nalo."

"Malata si mwana."

"Achimwene," anatero a Waisoni ali paphewa panga, "ameneyu ndi mwana wanga."

Alamu anakweza maso, anaona mng'ono wawo. "Waisoni, iwe unafa. Tinakuika bwino, bokosi linali la matabwa abwino, nyimbo ndinatsogolera ndine. Za amoyo zisiye."

A Waisoni anasendera kukhutu kwanga. "Musadikire chilolezo, make Sungeni. Tsinani pamimba, pali lambiri, sadziwa n'komwe. Nyemba imodzi basi. Musapyole apo. Ndi mwana wa mayi anga."

Mawu amenewo ndinali nditawamva kale, akuchokera padenga. Anandilowa m'khutu ngati madzi ozizira. Pansi pa mpando wa alamu panagona kanyundo, mutu wa msomali pa kamtengo ka machesi. Ndinakafunsa.

"Nyundo, linakugwira ndi dzanja liti?"

"Lamanja, mayi. Koma ine ndinangotumidwa."

"Sindikukuimba mlandu."

Mawu a Anangondo anafika kuchokera kuphulusa, osakweza. "Dongo lambiri limamwa madzi ambiri, make Sungeni. Muyeze."

"Ndayeza."

"Mukatenga mkono," anatero a Waisoni, "sindidzabweranso kwa inu kutulo."

Ndinawatsitsa paphewa n'kuwayang'ana. Anali mwamuna wabwino. Sanandimenyepo, fodya akagulitsa ankafikira kunyumba osati kumowa, ndipo tsiku lomwe anakhoma lata lomaliza anandinyamula pamaso pa mayi anga, anthu n'kuseka. Ndinaganiza za mphasa yofunda ija. Kenako ndinayang'ana Sungeni. Mng'alu unali utafika pamchombo.

Nyemba imodzi ikanakwana, ndinkadziwa. Koma nyemba imodzi alamu sakanaimva, ndipo ine ndinkafuna amve.

"Mukabwera mumangokhala, bambo a Sungeni," ndinatero. "Denga silifoleredwa ndi kukhala."

Ndinagwira mkono wamanja wa a Dafuleni paphewa penipeni n'kuuthyola, ndi mkono wa jekete womwe. Unachoka mosavuta ngati therere lanthete. Sanakuwe. Anayang'ana pomwe panali mkonopo, anayang'ana ine.

"Mlamu, mbale ya chopereka ndidzanyamula ndi chiyani?"

"Lamanzere lilipo."

Ndinawabwezera pampando wawo, ndinakhala pansi pakati pa midzi iwiri, ndinaika mkonowo pachikhatho. Ndinayesa malovu, m'kamwa munali mouma kuyambira tsiku la makwerero. Ndinayesa misozi, inathera pamaliro. Ndiye ndinatulutsa bere lamanzere n'kufinya. Dontho loyamba linalowa m'dongomo ngati lagwera pamchenga. Lachiwiri chimodzimodzi. Linali dongo laumbombo, linkamwa osafewa, ndipo zala zake zinkafumbatabe ngati zikugwira nyundo. Ndinafinya, ndinakanya, ndinafinya. Bere linaphwa mpaka linagona pachifuwa ngati thumba lopanda kanthu. Pa dontho lomaliza zalazo zinatambasuka, dongo linafewa.

Ndinanyema longa nyemba, ndinalipaka pachifuwa cha Sungeni ndi kachala kakang'ono, kuyambira pamchombo kukwera mpaka pakhosi, n'kusalaza ndi chikhadabo. Linagwira. Pomwe panali mng'alu panalibenso ngakhale mzere. Kamluzu kanaleka, kunangoti zii, mpaka ndinamva Yorodano akulira kumtunda. Mwana anayetsemula, anatambasula kadzanja n'kugwira khungu la chikhatho changa. Anagwira zolimba kuposa kale. Ndinachita kumukanganula kuti ndimubweze kumsana.

"Nanga lotsalalo?" anafunsa Anangondo. "Mwatenga mkono, mwagwiritsa nyemba."

"Lili ndi ntchito yake."

Ndinalowetsa chikhadabo pansi pa denga la alamu. Misomali inadumpha yokha ngati ziwala. Ndinasanja malata m'dzanja, ndinatola misomaliyo ndi kanyundo, ndinadumphanso dambo. Kapepala ka shuga ndinakachotsa n'kukasunga pambali ndi timiyala take, chifukwa ine sinditaya chinthu. Ndinayala malata pamakoma anga.

"Bambo a Sungeni, khomani."

Anakhoma, poti ndiyo ntchito yawo. Kawiri pang'onopang'ono, kachitatu mwamphamvu. Koma anakhoma atandipatsa msana, ndipo sanaimbe mluzu monga ankachitira. Ine ndinkatsatira pambuyo pawo ndi dongo, ndikutseka mabowo akale. Chala chachikulu cha alamu chinatseka bowo la pakhomo. Chamkombaphala, chomwe ankalozera nacho anthu m'tchalitchi, chinatseka la kumutu kwa mphasa. Chigongono chinapita pamwamba pa ufa. Mabowo anali ambiri, mkono unali umodzi, koma zinakwanirana ndendende, moti nditamaliza ndinangotsala ndi la m'zikhadabo.

Pamenepo dontho linagwa pamsana pa dzanja langa. Linali lonyowa.

"Iyo ndi mvula yeniyeni," anatero Anangondo. "Yachokera kwanu. Mwasiya chitseko cha khitchini chosatseka."

Inabwera ikutsika ndi munda wonse. Angelo anathawira m'chombo cha chigumula, opsa anangoima pomwe anali chifukwa iwo mvula siwachita kanthu. Koma udzu wa chisakasa unali wakale, unayamba kudontha, ndipo aawisi onse anathamangira m'nyumba zawo atagwira mitu. Kutsidya kwa dambo a Dafuleni anaima pakati pa makoma opanda denga. Dontho linawagwera paphewa, panatsala kadzenje.

"Mlamu," anaitana. "Mlamu, mvula. Ndine wamuwisi."

Ndikanatha kungoima n'kumaonerera. Ndinaima ndithu, mpaka dontho lachiwiri linawasungunula kolala ya jekete. Koma munthu wosungunuka samva kanthu, ndipo ine ndinkafuna akhale nthawi yaitali. Ndinatenga kapepala ka shuga kaja, ndinakayala pamakoma awo, ndinakapsinja ndi timiyala take.

"Fundani ili, alamu. Limadontha pakati ndi kumapeto konse, muziika mabeseni. Mphepo ikalipinda muzikwera pamtondo n'kulikoka. Ndi dzanja limodzi zimatheka, ine ndinkachita ndili ndi mwana kumsana."

Nditatembenuka, a Waisoni anali atatsika padenga. Anaika kanyundo pakhomo panga mwaulemu, anayenda okha kudutsa pakati pa mudzi, anafika paphulusa, anadutsa. Sanatsanzike. Ndinawaona akukwera njira ya ku Gologota, akucheperachepera, mpaka anakhala ngati nyerere yofiira. Posakhalitsa kukhoma kunayambanso ku Yerusalemu.

Nanenso ndinadutsa mzerewo. Anangondo anandigwira dzanja, analitembenuza, anayang'ana m'zikhadabo.

"Mwamata bwino. Sukulu munalekezera pati?"

"Sitandade sikisi, mayi."

"Manja muli nawo. Koma tsiku lodzapsa inu sindidzakuikani pafupi ndi kachisi."

"Mudzandiika kuti?"

"Kuseri uko kuli mkazi wina, uja anakhomera mdani wake pansi ndi chikhomo ali mtulo. Chiumbireni amakhala yekha, anthu odzaona munda amamudutsa msanga. Mudzakhala naye."

"Nyumba yake ili ndi denga?"

"Lilipo."

"Ndiye palibe vuto."

"Mapatapata anu ali pachipata. Mukatuluka mutseke chitseko."

Ndinadzuka ndi chitseko cha khitchini chikumenyetseka ndi mphepo. Mvula inali ikugwa, beseni la pakhomo litayamba kale kulira. Ndinakhala phee, ndikumvetsera kumsana. Kunalibe mluzu. Ndinamutsitsa mwana, ndinaika khutu pachifuwa pake. Ankapuma bwinobwino, mpweya ukulowa ndi kutuluka mwakachetechete. Atatsegula maso anafuna bere. Ndinamupatsa lamanzere, anayamwa kawiri, analilavula n'kulira. Ndinamupatsa lamanja. M'zikhadabo zanga munali dongo lotuwa, ndipo kwathu kuno dothi ndi lofiira.

Mvula itakata, dzuwa lisanalowe, ngolo inatulukira kuchokera kudambo, ng'ombe zili matope mpaka m'mimba. Pambuyo pake pankayenda akazi awo a a Dafuleni, Anasoko. Sanafike pakhonde, anaima patali.

"Akuti mulandire katundu wanu," anatero. "Mkono wawagwa masana ano akunyamula kapu. Akungoitana dzina la mng'ono wawo. Denga achita kuwagwetsera anthu, mvula ikugwa, eni ake akukuwa kuti msanga, msanga." Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana manja anga. "Inu munali kuti masanawa, make Sungeni?"

"Ndinali pompano, ndinatsamira khoma."

Tinatsitsa malatawo. Lija lopindika linalipo, lija la penti yobiriwira linalipo. Mabowo akale onse anali otsekedwa ndi dongo lotuwa, louma gwa, loti ngakhale ndi mpeni silichoka. Achimwene anga anadzakhoma m'mawa mwake.

Zonsezi zinadya izi. Bere lamanzere linauma mpaka lero, Sungeni wakulira bere limodzi. Mwanayo chifuwa chinatha, koma akagwira chinthu sasiya, ngakhale chikhale cha mnzake, ndipo amayi ena ayamba kale kudandaula kumjigo. A Dafuleni mkono ulipo, umangolendewera m'jekete. Mbale ya chopereka amanyamula wina, ndipo nyumba yawo ili ndi pepala langa lomwe lija, ndinawatumizira pangolo yomweyo. Amayi a kumpingo, aja anapita kukaona munda palole, ndikakhala pabenchi amasendera. A Waisoni sanabwerenso. Ndimawasiyirabe mbali yawo ya mphasa, m'mawa ndikaikapo dzanja pamakhala pozizira. Mabeseni ndinabweza kwa eni ake. Denga silidontha.